Dilowa ya Makampani Akufa

Ku Medellín mvula imagwa masana ngati ya pangano,
ndipo lero yandipeza ndikulongedza mabuku
m'chipinda chomwe ndakhalamo zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndikufunsa funso limodzi lokha:
bwanji bizinesi ina imaphuka, inzake n'kufota?

Pachitseko palembedwa: Pulofesa Herminia Zuluaga.
Mawa adzamasula timisomali take tiwiri.

Dilowa ya pansi sindinaitsegulepo pamaso pa mlendo.
Muli makadi a makampani akufa,
mazana anayi ndi mphambu zisanu ndi zitatu,
omangidwa ndi mphira womwe nawonso wayamba kuthetheka.
Wosoka zikwama zachikopa ku Itagüí.
Pachibale pawo awiri, ogulitsa madzi a zipatso m'mabotolo.
Mnyamata uja wa mapulogalamu a pafoni
amene analumbira kuti mabasi onse a m'chigwa chino
adzayamba kusunga nthawi.
Aliyense ndinakhala naye pansi, chojambulira mawu pakati pathu,
khofi akuzizira,
ndikumufunsa mwaulemu tsiku lomwe anadziwa kuti zatha.

Khadi loyamba si la kafukufuku.
Ndi la bambo anga, Aristides, okonza mawailesi,
amene anatseka shopu ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.
Anabwera kunyumba chikwangwani chili paphewa,
nachiimika kuseri kwa chitseko, chitayang'ana kukhoma.
Mpaka kumanda sanachitchulepo.
Ine ndawalankhulira m'mapepala makumi asanu ndi limodzi,
m'misonkhano ya ku Lisbon ndi ku Seoul,
ndi mizere yokwera ndi yotsika pakhoma loyera,
anthu akuwomba m'manja
poti chisoni chawo ndachipezera dzina la kusukulu.

Ndinkaphunzitsa kuti luso latsopano limabadwira pa chosowa.
N'zoona, koma theka chabe.
Ndinkaphunzitsa kuwerengera phindu la zaka zisanu zakutsogolo,
ine woiwala ambulera tsiku ndi tsiku.
Ngakhale lalanje limodzi sindinagulitsepo.
Ophunzira ankadziwa. Ankanong'onezana kumipando yakumbuyo,
ndipo ndinkawamva.

Mmodzi, Yeison Arboleda, analephera mayeso anga kawiri.
Ankafika mochedwa kuchokera pamwamba pa phiri,
pa kangolo kolendewera pachingwe,
manja akununkha girisi.
Dongosolo lake la bizinesi linali masamba atatu, lopanda manambala.
Ndinalembapo ndi inki yofiira: Izi n'zosatheka.
Lero m'mawa watulukira ndi lole
kudzandithandiza kusamuka.
Makina ake oumitsa khofi ndi moto wa makoko a khofi yemweyo
akulira m'minda ya ku Jericó ndi ku Támesis,
ndipo pakutha pa mwezi amalipira anthu makumi awiri ndi atatu.
Pepala lija analisunga.
Akuti lili m'galasi pakhoma la fakitale,
inki yanga yofiira ikuyang'ana antchito akudya nkhomaliro.

Waseka. Nanenso ndaseka, mochedwerapo pang'ono.

Waloza dilowa: Izi titaye?
Ndati ayi.
Waisolola yonse, waikumbatira pachifuwa ngati mwana wogona,
n'kuyamba kutsika masitepe, poti chikepe chafanso.
Pakati panjira waima kuti apume,
nafunsa osandiyang'ana:
Aphunzitsi, langa loyamba lija lilimo?
Lija la mabatire a njinga?
Lilimo, ndayankha. Chakumapeto, pafupi ndi wophika buledi.
Wagwedeza mutu, napitiriza kutsika.

Kunja mvula yakata.
Pageti, mayi wa ngolo ya mango akupukuta mpeni pa epuloni.
Denga la ngolo yake walipendeketsa mwa mtundu wina lero,
madzi akutsetserekera m'chidebe chotsukira zipatso.
Dzulo sizinali choncho.
Yeison akuliza hutala,
koma dzanja langa, lopuma ntchito kuyambira lero,
lalowa kale m'thumba,
likufufuza cholembera.